Mwaika hard drive yachiwiri, kompyuta yayamba kuvuta: poyambira pofufuza vuto

Kuwonjezera hard drive yachiwiri m'kompyuta ya patebulo ndi ntchito yosavuta kwenikweni. Mumatsegula bokosi, kumanga disikiyo ndi masikuluwu, kulowetsa zingwe ziwiri, n'kutseka. Mutu umayamba kupweteka mukadina batani loyatsira. Nthawi zina kompyuta imene dzulo lomweli inkayaka bwinobwino imangoonetsa sikirini yakuda yokhala ndi mawu akuti "Reboot and Select proper Boot device". Nthawi zina imayaka ngati masiku onse, koma mukatsegula File Explorer disiki yatsopanoyo osaoneka. Ambiri akafika apa amathamangira kunena kuti awagulitsa disiki yakufa, kapena kuti awotcha china chake m'katimo. Kawirikawiri sizikhala choncho.

Kompyuta siizindikira disiki nthawi imodzi. Disikiyo iyenera kaye kulandira magetsi. Kenako iyenera kulankhulana ndi motherboard, bolodi lalikulu limene zipangizo zonse za m'bokosi zimalumikizidwapo, kudzera pa chingwe cha data. Ikatero, pulogalamu yaing'ono yokhala pa motherboard pomwepo, imene pa makompyuta akale imatchedwa BIOS ndipo pa atsopano ndi UEFI, imailemba pa mndandanda wa zipangizo zimene yazipeza. Windows imabwera kumapeto kwenikweni, ndipo nayonso ili ndi zofuna zake isanakuonetseni disikiyo ngati D: kapena E:. Choncho musanagwire sikuludiraiva kachiwiri, yankhani funso limodzi ili: kodi BIOS ikuiona disikiyo? Ngati sikuiona, vuto lili ku zingwe, ku magetsi kapena pa motherboard, ndipo kusakasaka m'Windows n'kutaya nthawi. Ngati ikuiona, nthawi zambiri zingwe zilibe mlandu, musathamangire kutsegulanso bokosi.

Kuti mulowe mu BIOS, mukangoyatsa kompyuta dinani Del kapena F2 mobwerezabwereza. Makompyuta ambiri a HP amafuna F10 kapena Esc, a Dell F2, a Lenovo F1 kapena F2. Ngati Windows 10 kapena 11 ikuyaka, njira ina ndi kugwira Shift kwinaku mukudina Restart, n'kusankha Troubleshoot, Advanced options, kenako UEFI Firmware Settings. Mukalowa, fufuzani tsamba losonyeza zimene zalumikizidwa pa SATA, malo a pa motherboard olowetsapo zingwe za data za madisiki. Disiki imene yaoneka imalembedwa ndi dzina la modelo yake ndi kukula kwake.

Kompyuta ikakana kuyaka

Vutoli ndi limene limaopsa kwambiri, koma nthawi zambiri ndi limene limatha msanga. Yambani ndi kuzimitsa kompyuta, kuzula pulagi pakhoma, kuchotsa zingwe ziwiri za disiki yatsopano ija, n'kuyatsanso. Ikayaka monga kale, pumani: mafayilo anu ali bwinobwino, disiki yakale sinawonongeke. Ikapanda kuyakabe, onani zingwe za disiki yakaleyo. M'bokosi la kompyuta mumakhala mothithikana, ndipo dzanja likamalowetsa disiki yatsopano limakankha chingwe cha yakale mosadziwa. Zingwe za SATA zopanda kachitsulo kokolera zimasololoka mosavuta, zimatha kuoneka zolowa pamene zangotsamira.

Ngati kompyuta ikuyaka disiki yatsopano itachotsedwa koma n'kukana mukaibwezera, ndiye kuti yasokonezeka posankha poyambira. BIOS imakhala ndi ndandanda ya zipangizo zimene imayesa chimodzichimodzi pofunafuna Windows. Mukaika disiki ina, makamaka mukailowetsa pa SATA ya nambala yotsika kuposa pamene pali yakale, ma motherboard ena amaiika pamwamba pa ndandandayo. Kompyuta imayang'ana m'disiki yopanda kanthu, osapezamo choyatsira, n'kuima. Kukonza kwake ndi kulowa pa tsamba la Boot n'kubwezera disiki yakale pamwamba. Pa makompyuta a UEFI, choyenera kukhala pamwamba ndi mzere wolembedwa kuti "Windows Boot Manager", osati dzina la disikiyo lokha. Sungani zosinthazo, nthawi zambiri podina F10, musanatuluke.

Disiki yachiwiri ikakhala yogwirapo kale ntchito m'kompyuta ina, nkhani imasokonekera m'njira ina. Ikhoza kukhala ndi Windows yakeyake, ndiye kompyuta n'kuyesa kuyambira pamenepo. Mumangoona chithunzi chachilendo pa sikirini, dzina la munthu wina, kapena sikirini yabuluu chifukwa Windows imeneyo inazolowera zipangizo zina. Palibe chimene chafufutika apa. Ndandanda yomwe ija ndiyo yofunika kukonza.

Pali msampha umodzi umene anthu amadzitchera okha ali mu BIOS momwemo. Zinthu zikavuta, munthu amaona pamene palembedwa "Load Defaults" n'kudina poganiza kuti zonse zibwerera mwakale. Koma zimabwerera mmene zinalili pochoka ku fakitale, osati mmene zinalili dzulo. Chimodzi mwa zinthu zimene zingasinthe ndi njira imene motherboard imalankhulira ndi madisiki, kaya AHCI, RAID kapena IDE pa makompyuta akale. Windows imaikidwa ili ndi dalaivala wa njira imodzi, ndiye mukaisinthira ina imagwa ndi sikirini yabuluu yolembedwa INACCESSIBLE_BOOT_DEVICE, imene pa Windows 7 inkaoneka ngati 0x0000007B. Chimodzimodzi ndi kusintha pakati pa UEFI ndi Legacy kapena CSM. Mukabwezera mmene zinalili, kompyuta imayaka. N'chifukwa chake ndi nzeru kujambula ndi foni tsamba lililonse la BIOS musanasinthepo kanthu. Komanso ngati disiki yanu ndi yotsekedwa ndi BitLocker, loko wa Windows woteteza mafayilo, kusintha zinthu mu BIOS kungachititse Windows kupempha kiyi ya manambala 48. Kiyi imeneyi nthawi zambiri imasungidwa mu akaunti yanu ya Microsoft, ndipo ndi bwino kuipeza musanayambe ntchito yonseyi.

Ngati kompyuta yanu ndi yakale kwambiri, ya zingwe zotakata zafulati za IDE zokhala ndi timabowo 40, pali chinthu china. Madisiki awiri amagawana chingwe chimodzi, ndipo kumbuyo kwa iliyonse kuli kapulasitiki kakang'ono kotchedwa jumper kosonyeza kuti iyi ndi Master, iyo ndi Slave, kapena zonse ziwiri Cable Select. Zonse zikakhala Master, sizioneka bwino kapena sizioneka n'komwe. SATA, imene inayamba kufala m'chaka cha 2003, inathetsa zimenezi chifukwa disiki iliyonse ili ndi chingwe chake.

BIOS ikapanda kuiona

Disiki ya SATA imafuna zingwe ziwiri: chaching'ono cha timano 7 chopita pa motherboard, ndi chotakata cha timano 15 chochokera ku power supply, kabokosi kogawa magetsi m'kompyuta. Kuiwala chimodzi mwa izi kumachitika kwambiri kuposa mmene anthu angavomerere. Mukayatsa kompyuta, ikani chala pang'onopang'ono pambali pa disikiyo, osakhudza timawaya ta pansi pake. Hard drive imene ikulandira magetsi imanjenjemera pang'ono chifukwa timbale ta m'kati mwake timazungulira maulendo 5,400 kapena 7,200 pa mphindi. Ikangokhala zii, magetsi sakufika kapena disikiyo yafadi. Disiki ya mtundu wa SSD, yopanda timbale, ilibe chozungulira, ndiye kuyesa kumeneku sikuthandiza.

Njira yodalirika yopezera cholakwa ndi kubwereka zinthu zimene mukudziwa kuti zikugwira ntchito. Ngati m'bokosi muli DVD drive imene ikuoneka mu BIOS, zulani zingwe zake zonse ziwiri n'kuzilowetsa pa disiki yatsopano. Ikaoneka, disiki ndi yabwino, ndipo vuto lili pa chingwe chimene munagwiritsa ntchito poyamba kapena pamalo pamene munachilowetsa. Kenako bwezerani chinthu chimodzi, yatsani, onani, zimitsani, bwezerani china. Kusintha zinthu zitatu nthawi imodzi kungathetse vuto, koma simudziwa kuti chinalakwika n'chiyani, ndiye likadzabweranso mudzayambiranso pachiyambi. Nthawi zonse zulani pulagi musanagwire zingwe, ndipo khudzani chitsulo cha bokosilo kaye kuti magetsi amene amamatirira m'thupi achoke.

Chimene chimasokoneza anthu ambiri pa makompyuta a masiku ano ndi M.2, kamalo ka pa motherboard kolowetsapo SSD yopyapyala. Pa ma motherboard ambiri, M.2 imagawana njira ndi malo amodzi kapena awiri a SATA. Mukaika SSD pa M.2, malo a SATA amenewo amazimitsidwa. Maso sangaone kusiyana kulikonse, chingwe chimalowa bwinobwino, koma palibe chimene chimadutsa. Buku la motherboard limanena malo amene amakhudzidwa, ngakhale kuti nthawi zambiri amalemba ndi timalemba ting'onoting'ono m'munsi mwa tsamba. Ngati bukulo mulibe, ingosamutsirani chingwecho pa malo ena. BIOS ina imalolanso kuzimitsa malo a SATA amodziamodzi, choncho onaninso ngati palembedwa Enabled.

Kumbali ya magetsi kuli zinthu zitatu zoti mudziwe, ndipo chimodzi n'choopsa. Choyamba, hard drive yaikulu ya mainchesi 3.5 imakoka magetsi ambiri pa masekondi oyambirira pamene timbale tikuyamba kuzungulira, pafupifupi ma ampere awiri pa waya wa 12V, kenako n'kutsika kwambiri. Power supply yabwino sivutika nazo, koma yotopa kapena yofooka ikhoza kuchititsa kuti disiki izingoyamba n'kusiya, kapena kompyuta izizima yokha. Chachiwiri, madisiki ena akuluakulu, makamaka ochotsedwa m'mabokosi a external drive, amatsata malamulo a SATA 3.3 a mu 2016, amene anasintha ntchito ya dzino lachitatu la chingwe cha magetsi. Dzinolo likalandira 3.3V, disikiyo imamva ngati yauzidwa kuti izime. Ma power supply akale amatumiza 3.3V pamenepo nthawi zonse, ndiye disiki yatsopano yabwinobwino siizungulira n'komwe. Anthu amathana nazo pophimba dzinolo ndi katepi kopyapyala kosadutsa magetsi, kapena pogwiritsa ntchito adaputa yochokera pa chingwe chakale cha Molex chimene chilibe 3.3V. Adaputayo ikhale yabwino, chifukwa zina zopangidwa mwachisawawa zimadziwika ndi kusungunuka.

Chachitatu, choopsa chija: ngati power supply yanu ndi ya zingwe zochotseka, musabwereke chingwe cha power supply ina ngakhale chikulowa bwino. Kumbali yolowa m'disiki zingwe zonse n'zofanana, koma kumbali yolowa mu power supply kampani iliyonse imayala mawaya mwakemwake. Chingwe chachilendo chikhoza kutumiza 12V pamalo pofunika 5V, ndipo disiki iliyonse yolumikizidwa pa chingwecho, yatsopano ndi yakale yomwe, imapsa nthawi yomweyo.

BIOS ikuiona, Windows ayi

Apa ndi pamene ambiri amabweza disiki yabwino kwa wogulitsa. File Explorer imaonetsa zigawo zokhazo zimene zafomatidwa ndipo zapatsidwa chilembo. Disiki yatsopano yochoka m'paketi ilibe zonsezi. Malo oyenera kuyang'ana ndi Disk Management, imene mumaipeza podina Windows ndi X limodzi, kapena polemba diskmgmt.msc pa Run. M'munsi mwa windo limenelo disiki iliyonse ili ndi mzere wake, Disk 0, Disk 1 ndi ena, ndipo mawu amene alembedwa pambali pake ndi amene amakuuzani chochita.

Disiki yatsopano imalembedwa "Not Initialized", ndipo malo ake onse amakhala ndi mzere wakuda wolembedwa "Unallocated". Windows imafunsa kuti musankhe MBR kapena GPT. Zonsezi ndi njira zolembera, kumayambiriro kwa disiki, mmene disikiyo yagawidwira. MBR ndi ya m'chaka cha 1983, ndipo imawerenga timagawo ta disiki ndi nambala ya ma bit 32. Kagawo kalikonse kakakhala ka ma byte 512, malire ake amathera pa 2 TB ndi pang'ono. Mukasankha MBR pa disiki ya 3 TB, mudzaona chigawo cha 2048 GB ndi china cha pafupifupi 746 GB chimene Windows ikukana kuchigwiritsa ntchito. MBR imalolanso zigawo zikuluzikulu zinayi zokha, pamene GPT pa Windows imalola mpaka 128. Pokhapokha ngati disikiyo muzikaiikanso m'kompyuta yakale kwambiri, monga ya Windows XP, sankhani GPT. Mukatero dinani batani lakumanja la mausi pamalo akudawo, sankhani New Simple Volume, perekani chilembo, fomatani ngati NTFS. Onetsetsani kawiri kuti mwasankha disiki yoyenera poyang'ana kukula kwake.

Musadabwe kuti disiki ya 1 TB ikuoneka ngati 931 GB, kapena ya 500 GB ngati 465 GB. Sanakubereni. Opanga madisiki amawerenga m'magulu a 1,000 pamene Windows imawerenga m'magulu a 1,024, ndipo kusiyanako kumakula disiki ikamakula.

Zonsezi n'za disiki yopanda kanthu. Disiki yokhala ndi zithunzi zanu, zikalata ndi ntchito ya zaka zambiri imafuna dzanja lodekha. Ikalembedwa "Not Initialized" kapena RAW, kapena Windows ikatulutsa uthenga wakuti muifomate kaye musanaigwiritse ntchito, kanani. Zimene zachitika nthawi zambiri zili ngati buku limene lang'ambika tsamba loyamba losonyeza mitu: mitu yonse ikadali m'katimo, kungoti palibe cholozera pamene ili. Mapulogalamu ngati TestDisk amatha kulembanso cholozeracho, malinga ngati simunalembepo zatsopano. Kufomata, kapena kulemba lamulo la clean m'pulogalamu ya diskpart potsatira malangizo amene simunawamvetse, kumachititsa kuti kubweza mafayilo kukhale kovuta kwambiri. Nthawi zinanso disikiyo ilibe vuto lililonse, yangochokera m'kompyuta ya mtundu wina. Windows payokha siwerenga ext4 ya Linux, ngakhalenso APFS kapena HFS+ za Mac. Disiki yotereyi ibwezereni m'kompyuta imene inachokera, mukopere mafayilo kumeneko.

Mawu ena awiri amaonekanso kawirikawiri. "Offline" amabwera makamaka mukakopera disiki yonse yakale kupita pa yatsopano, zimene ambiri amachita posamukira pa SSD, n'kusiya zonse ziwiri zili zolumikizidwa. Madisiki awiriwo amakhala ndi nambala yodziwikira yofanana, ndiye Windows imazimitsa imodzi kuti isasokonezeke. Mukadina Online, Windows imapatsa disikiyo nambala ina, ndipo imaoneka. Koma dziwani kuti ngati imeneyo ndi imene mumafuna kudzayatsira kompyuta, kusintha nambalako kungailepheretse kuyaka. Njira yabwino mukamaliza kukopera ndi kuchotsa yakale kaye, kuyatsa ndi yatsopano yokha, n'kudzabwezera yakale mutatsimikiza kuti zonse zili bwino. Mawu achiwiri ndi "Healthy" koma popanda chilembo chilichonse. Apa n'pophweka: dinani batani lakumanja, sankhani Change Drive Letter and Paths, perekani chilembo. Ndipo mukatsegula foda ya Users ya Windows yakale n'kuuzidwa kuti mulibe chilolezo, dinani Continue mudikire. Mafayilo akakhala ambiri zimatenga nthawi.

Kwa amene amagwiritsa ntchito Linux, vuto lofanana ndi la ndandanda lija limaoneka m'njira ina. Disiki imene inali /dev/sda ikhoza kusanduka /dev/sdb mukawonjezera ina, ndipo ngati fayilo ya /etc/fstab imatchula madisiki ndi mayina amenewa, kompyuta imaima pakati poyaka. Kutchula madisiki ndi UUID, nambala yodziwikira ya chigawo chilichonse imene mumaiona polemba lsblk -f, kumapewa zimenezi.

Pali vuto lina limene silionekera tsiku loyamba. Munthu amaika disiki yatsopano, n'kuganiza zoikapo Windows yatsopano yakale ikadali yolumikizidwa. Pulogalamu yoikira Windows ikapeza kuti pa disiki yakale pali kale kagawo kakang'ono koyatsira, kaya System Reserved kapena EFI System Partition, nthawi zambiri imangogwiritsa ntchito komweko m'malo mopanga kena. Zonse zimayenda bwino miyezi ingapo. Tsiku limene mwachotsa kapena kufomata disiki yakale poganiza kuti ntchito yake yatha, kompyuta imakana kuyaka, chifukwa Windows ili pa disiki ina, choyatsira chake chinali pa inayo. Zimakonzeka ndi lamulo la bcdboot kudzera pa fulashi yoikira Windows, koma ndi ntchito yofuna kusamala. Kuzipewa n'kosavuta: poika Windows, siyani disiki imodzi yokha yolumikizidwa.

Nanga ngati zonse zikuoneka koma kompyuta yayamba kuchedwa? Kuima kwa masekondi ochepa mukatsegula foda ya pa disiki yachiwiri, limodzi ndi kaphokoso ka kuzungulira, si matenda. Windows imagoneka hard drive imene yakhala mphindi 20 osagwiritsidwa ntchito, ndipo imayenera kudikira kuti idzuke. Mukhoza kusintha nthawiyi mu Power Options. Phokoso la kulira kwa bokosi lonse nthawi zambiri limatanthauza kuti disiki sinamangidwe mokwanira. Koma kompyuta ikamachedwa kwambiri poyaka, kapena ikamauma mukamakopera mafayilo, funsani disikiyo mmene ikumvera. Hard drive iliyonse imasunga mbiri ya thanzi lake yotchedwa SMART, ndipo pulogalamu yaulere ngati CrystalDiskInfo imaiwerenga. Mzere wa C7 ukamakwera, wolakwa nthawi zambiri ndi chingwe cha data, sinthani chimenecho. Mizere ya 05 ndi C5 imawerenga timagawo towonongeka pa timbale penipeni, ndipo manambala ake akamakwera disikiyo ili m'njira yopita kukufa. Mzere wa 09 umasonyeza maola amene disiki yakhala ikuyaka, zimene zimaulula msanga disiki yakale yogulitsidwa ngati yatsopano.

Disiki ikamalira kuti tha, tha, tha mobwerezabwereza n'kusiya kuzungulira, yesani chingwe china cha magetsi kamodzi kokha. Ikapitiriza, kamkono kowerengera ka m'kati mwake kakulephera kupeza malo ake, ndipo kuiyatsayatsa kungakande timbale. Ngati ndi yatsopano, ibwezeni nthawi ya waranti isanathe. Ngati ili ndi mafayilo ofunika amene mulibe kwina, izimitseni, musaitsegule, muipereke kwa akatswiri obweza data.